Njinga Yamoto ndi Utumiki wa Machiritso Kumidzi Yakutali



Kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu pa zipatala zambiri za mishoni kumapezeka njinga zamoto zakufa. Matayala ake anaphwa kalekale, dzimbiri lili ponseponse, ndipo nkhuku zimaikira mazira pansi pake. Tsiku limene njingazo zinafika kunali chimwemwe: mbusa anazipempherera, amayi nalulutira. Koma tsiku limene zinaima panalibe msonkhano, ndipo palibe anaŵerenga midzi imene inaleka kuona namwino kuyambira tsikulo.

Mpingo wa m'maiko ano sunalekanitsepo kulalikira ndi kuchiritsa. Dr. Robert Laws, amene anafika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, anali mbusa ndiponso dotolo. Chipatala cha David Gordon Memorial ku Livingstonia chinatsegulidwa mu 1911, ndipo cha ku Nkhoma mu 1915. Mu 1966 zipatala za mipingo m'Malaŵi zinagwirizana m'bungwe limene lero litchedwa CHAM, ndipo zimasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito yonse ya zaumoyo m'dzikomo. Imeneyi ndi mbiri yoyenera kuyamikira Mulungu. Komabe chipatala ndi nyumba, ndipo nyumba siyenda. Wodwala wa kutsidya kwa mtsinje ankafika pa machila kapena pa ngolo, ndipo kaŵirikaŵiri ankafika matenda atakula kale.

Funso limeneli linavutitsa bungwe la Christian Medical Commission, limene mipingo ya pa dziko lonse inakhazikitsa mu 1968. Linaona kuti zipatala za mishoni zinkachiza anthu okhawo amene anatha kufikako, ndi kuti matenda amene ankadzaza mabedi anali otheka kupeŵedwa kumudzi komweko. Maganizo otere anamvekanso pa msonkhano wa maiko ku Alma-Ata mu 1978, kumene kunagwirizanidwa kuti chithandizo choyambirira chizifika pafupi ndi pamene anthu akhala. Koma chigwirizano cha pa pepala sichiwoloka dambo. Pafunika chinthu chonyamula munthu ndi mankhwala ake.

Apa ndipo paonekera ubwino wa njinga yamoto, imene akale ankaitcha mthuthuthu. Imadutsa m'kanjira ka mapazi, imakwera mlatho wa mitengo umene galimoto silingauyese, ndipo ikatitimira m'matope anyamata aŵiri amaizula. Katundu wake ndi wochepa koma ndi wa moyo: sikelo yoyezera ana, mankhwala a malungo, ndi bokosi lozizira la katemera wa chikuku, poliyo ndi kafumbata. Katemera wambiri afunika kukhala pa kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo akatenthedwa amatha mphamvu ngakhale kabotolo kake kaoneke kabwinobwino. Chotero maora a paulendo ndi gawo la mankhwalawo. Namwino woyenda pansi tsiku lonse dzuŵa likuswa mtengo angathe kubaya ana makumi atatu ndi madzi chabe, iye osadziŵa. Pobwerera njingayo imanyamula makhololo ndi magazi okayezedwa, kuti wodwala chifuŵa chachikulu kapena wakumwa mankhwala a HIV amve zotsatira asanafooke.

Mayi amene uchembere wamuvuta sangakhale pambuyo pa njinga wamba. Chifukwa chake kunapangidwa njinga zokhala ndi kabedi m'mbali. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2008, wochitika pa zipatala zazing'ono zitatu za kumidzi m'Malaŵi, anapeza kuti njinga zoterezi zinafupikitsa kuchedwa kwa amayi otumizidwa ku chipatala chachikulu ndi maora aŵiri kufikira anayi ndi theka, ndi kuti mtengo wa ambulansi imodzi ya galimoto ukanagula njinga zotere 19. Azamba amadziŵa kuti mayi wotaya magazi atabereka angathe kumwalira m'maora aŵiri okha.

Nanga njinga zothandiza chotere zimafa bwanji? Yankho linapezeka ndi anthu amene sanali amishoni konse. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Barry ndi Andrea Coleman a ku Britain, pamodzi ndi katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto Randy Mamola, ankasonkha ndalama zothandizira ana a mu Africa. Barry Coleman ndi Mamola atapita ku Somalia anapeza njinga za azaumoyo, zina zatsopano ndithu, zitatayidwa chifukwa chosoŵa kachitsulo ka mtengo wochepa ndi munthu wodziŵa kuzisamala. M'menemo munabadwa bungwe la Riders for Health, limene linayamba ntchito ya dziko lonse ku Lesotho mu 1991, dziko la mapiri kumene midzi ina imafikika pa kavalo. Chiphunzitso chawo chinali chapafupi: wokwera aphunzitsidwe kuyang'ana mafuta, oilo, mabuleki, tcheni ndi matayala m'maŵa uliwonse asananyamuke, makaniko azipita kumene kuli njingayo pa nthaŵi yoikika, isanaonongeke, ndipo ndalama ya kilomita iliyonse iŵerengedwe pasadakhale.

Mpingo sunayenera kudikira anthu a mpikisano kuti auphunzitse zimenezi, pakuti zili kale m'fanizo la Msamariya pa Luka 10. Alaliki amakonda kuima pa chifundo chake ndi pa mabala amene anamanga. Koma munthuyo anali ndi chiŵeto chokhoza kunyamula wovulala, ndiye kuti chinali chodyetsedwa ndi chosamalidwa. Ndipo m'maŵa mwake anasiya ndalama kwa mwini nyumba ya alendo, nalonjeza kudzalipira zotsala pobwerera. Chifundo chake chinali ndi thumba, ndiponso chinali ndi tsiku lobweranso. Mudzi umene wauzidwa kuti sikelo idzakhala Lachitatu loyamba la mwezi umasonkhana pansi pa mtengo, amayi atasiya makasu. Akadikira pachabe kaŵiri, kachitatu sabweranso, ndipo dzina limene lanyozeka si la namwino yekha.

Abale a kunja amakondwera kugula njinga yatsopano, chifukwa imaoneka bwino pa chithunzi. Petulo, oilo ndi tayala saoneka pa chithunzi, ndipo zimenezi ndizo gawo la Sinodi ndi mapresbiterio ake. Pali chinanso chimene chiyenera kunenedwa poyera pamaso pa abusa: njinga ya chipatala si ya mbusa wa pa siteshoni. Ikabwerekedwa kukapita ku maliro kapena ku msonkhano wa Nsonkhano ya akulu pa tsiku la sikelo, namwino wachinyamata sangathe kukana mbusa wake, ndipo ana a mudzi wina amakhala osabayidwa mwezi umenewo.

Chotero komiti ya zaumoyo ikamalandira njinga, iyambe yafunsa kumene kuchokere ndalama zoiyendetsera zaka zitatu, ndipo yankho lilembedwe m'buku la msungichuma. Njinga iliyonse ikhale ndi buku la maulendo ndi wokwera wake wodziŵika, wokhala ndi chiphaso cha boma ndi chisoti choteteza mutu. Anamwino ndi azamba aakazi aphunzitsidwe kuyendetsa mofanana ndi amuna, pakuti ambiri odikira pansi pa mtengo paja ndi amayi ndi ana. Ndipo matayala a nyengo ya dzinja agulidwe mu Okutobala, mvula isanagwe.