Mlenje Wachilendo pa Mapiri Athyathyathya a ku Colorado

Lero tikukupemphani kuti mutiperekeze pa ulendo wautali. Tikupita kumadzulo kwa chigawo cha Colorado, m'dziko la America, ndipo mwezi wake ndi Novembala. Musaganize za Novembala wa kwathu kuno, wa dzuwa loswa mtengo ndi mitambo ya mvula yoyamba. Kumeneko ndi nyengo imene chisanu chimayamba kuluma, masana amafupika, ndipo chipale chofewa chimayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri.

Mapiri akewo ndi odabwitsa. Alibe nsonga. Pamwamba pake ndi pathyathyathya, koma m'mbali mwake muli maphompho ndi matanthwe oima chilili. Anthu olankhula Chisipanishi adawatcha mesa, kutanthauza gome lodyerapo. Lalikulu mwa iwo ndi Grand Mesa, pafupi ndi mzinda wa Grand Junction. Pamwamba pake ndi potalika mamita oposa 3,000, ndipo pali nyanja zing'onozing'ono zoposa 300.

M'dziko limeneli muli gwape wamkulu amene eni ake amamutchula kuti mule deer, chifukwa makutu ake ndi aakulu ngati a nyulu. Gwape ameneyu sakhala malo amodzi chaka chonse. M'nyengo yofunda amadya msipu pamwamba pa mapiri. Chipale chikayamba kukwirira chakudya chake, amatsika kunka ku zigwa kumene kuli zitsamba ndi mitengo yaifupi ya juniper ndi pinyon, nakhala komweko mpaka chisanu chithe.

Tsono tiyeni tiyerekeze kuti tili pamodzi ndi mlenje wochokera kutali. Sadafike kuno mwachisawawa ayi. Kuyambira m'chaka cha 1999, ziphaso zosakira agwape m'chigawo chonse cha Colorado zidakhala zowerengeka, ndipo zimaperekedwa mwamaere, kotero kuti pofuna malo otchuka munthu amadikira zaka zambiri. Chiphasocho chimatchula dera limene angasakemo, ndiponso masiku ake, amene ndi owerengeka. Wavala malaya ndi chipewa cha mtundu wowala wa olenji monga lamulo likunenera, kuti alenje anzake asamuyese nyama. M'thumba ali ndi mapu pa foni. Pa mapupo pali kadontho pamene mnzake adaona agwape ambirimbiri m'mwezi wa Seputembala.

Wakwera mbandakucha, wafika pa kadonthoko. Pali zii! Ndowe zake ndi zouma, mapazi ake ndi akale. Kodi mnzake uja adamunamiza? Iyayi, mbale wanga, adanena zoona. Koma choona cha Seputembala sichingam'dyetse munthu mu Novembala. Alenje ambiri achilendo amathera masiku awo onse pamalo otere, akuzungulirazungulira, chifukwa mtima sufuna kuvomera kuti nyama idachoka.

Taonani m'mene gwapeyu amaidziwira njira yake. M'chaka cha 2012, katswiri wa zanyama Hall Sawyer, potsatira agwape amene adawaveka tizipangizo m'khosi, adapeza kuti gulu lina la ku Wyoming, chigawo choyandikana ndi Colorado, limayenda makilomita pafupifupi 240 kuchokera ku Red Desert kukafika ku Hoback, ndipo limabwereranso chaka chomwecho. Akatswiri aonanso kuti gwape wamkazi amabwereza njira yake yomweyo chaka ndi chaka, ndipo mwana amayenda ulendo wake woyamba ali pambuyo pa make. Motero mtsinje uliwonse, mpata uliwonse, gwape adaupondapo kale. Iye ali kwawo m'njira yonseyo. Mlendo ndi uja wanyamula mfuti.

Nanga mlendoyo achite chiyani? Ayambe wavomera kuti sadziwa. Safunsa adadya phula. Afunse eni minda ya ziweto, afunse woyang'anira zanyama wa m'deralo, kenaka afunse dziko lenilenilo. Ayang'ane pamene chipale chalekezera, pakuti agwape kawirikawiri amakhala chakumunsi kwa malire amenewo, ndipo malirewo amasuntha mphepo yamkuntho ikangowomba. Ayang'ane malo otsetsereka oloza kumwera. Kwathu kuno dzuwa la m'nyengo yozizira limapendekera kumpoto, koma kumeneko limapendekera kumwera, ndipo mbali imeneyo ndiyo imayamba kusungunuka. Koposa zonse afunefune mipata. Gwape sangalumphe phompho. Potsika pa mesa ayenera kudzera pamene thanthwe lidagumuka, ndipo pamenepo mkwaso wake umaonekera poyera m'chipale.

Akaupeza mpatawo, ntchito yotsala ndi yovuta kuposa kukwera phiri: kukhala pansi. Kukhala maola atatu kapena anayi pa mwala wozizira, msana utatsamira tsinde, maso ali pa magalasi oonera patali, akusanthula chitsamba chimodzichimodzi. Ife timaona kuti apa ndi pamene alenje amasiyanirana. Woyendayenda amaonedwa ndi nyama iye asanaione. Wokhala pansi amayamba ndi kuona khutu lokha likugwedezeka, kenaka mwala wotuwa uja umasanduka gwape. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Asamalenso mphepo: dzuwa likatenthetsa nthaka mpweya umakwera phiri, madzulo umatsika, ndipo fungo la munthu limayenda nawo.

Akaona agwape aakazi asafulumire kuchoka. Chapakati pa Novembala nyengo yokwerana imayamba, ndipo aamuna aakulu, a nyanga za mphandamphanda, amene chaka chonse amabisala, amatuluka masanasana kulondola aakazi, khosi litatupa, nzeru zitathawa. Apa tinene maganizo athu mosabisa. Kusaka kwa nyengo yomaliza kumapezerera nyama pamene njala ndi chilakolako zaifooketsa. N'chifukwa chake ziphaso za masiku otsirizawa zimakhala zochepa, ndipo ife tikuti n'koyenera kutero. Chisanu cha 2022 mpaka 2023 chidapha nyama zochuluka kumpoto chakumadzulo kwa Colorado, ndipo m'chaka cha 2023 boma lidadula kwambiri chiwerengero cha ziphaso kumeneko. Mlenje amene adadandaula ndi zimenezo adaiwala kuti ana ake adzafunanso kusaka.

Dziko lathyathyathya lilinso ndi misampha yake. Pakati pa mitengo ya juniper mbali zonse zimafanana, ndipo mtambo ukatsika munthu amasokera ali pafupi ndi galimoto yake. Batire ya foni imatha msanga m'chisanu. Misewu yadongo imene m'mawa inali youma gwa ndi kuzizira, masana imasanduka phala. Malire a malo a boma ndi a eni minda sakhala ndi mpanda paliponse, koma wosaka m'malo a mwini popanda chilolezo ali ndi mlandu.

Tsopano tafika pa tsiku lachinayi, dzuwa likupendeka. Patsidya pa chigwembe, pa mtunda umene chipolopolo chingafike bwinobwino, paima gwape wamwamuna amene mlenje wathu wakhala akumulota zaka zonsezi. Mtima ukugunda, chala chili pafupi ndi chowombera. Koma tamverani, mlongo wanga: chipolopolo chimaoloka chigwembe m'kuphethira kwa diso, pamene munthu angafunike maola asanu kuti azungulire phompho lomwelo. Nyama yotere ingalemere makilogalamu oposa 90. Lamulo la ku Colorado limaletsa kusiya nyama yodyedwa kuti iwonongeke m'tchire. Miyendo yonse inayi ndi minofu ya kumsana ayenera kuzisenza yekha, mwina maulendo atatu, m'njira imene sadaipondepo. Ndipo akangoivulaza osaipha, idzatsikira kumene iye sangafikeko, nkukafera komweko pang'onopang'ono.

Lamulo limam'patsa mphindi 30 dzuwa litalowa. Mphindizo zikutha. Mlenje wathu wayang'ana gwape, wayang'ana phompho, wayang'ananso kumadzulo kumene mtambo wakuda ukudza. Wachotsa chipolopolo m'mfuti, wachiika m'thumba. Ndi kuwala kotsalako akufufuza ndi magalasi ake mpata umene angadzere mawa kuti akafike tsidya lija kusanache, ndipo akuulemba papepala, pakuti foni yazima.

Akutsika mumdima, tochi ili pamphumi, akulondola mapazi ake a m'mawa. Chipale chayamba kugwa. Chikagwa usiku wonse, gwape uja pofika mawa adzakhala atatsika kale, ndipo pa chiphaso patsala tsiku limodzi.