Kalulu Akaleka Kudya

Ambiri a inu mumaŵeta akalulu kuseri kwa nyumba ku Kawale, ku Chinsapo ndi ku Mgona. Lero tikambirane za matenda amene amaimitsa matumbo a kalulu.

Matumbo a kalulu ayenera kugwira ntchito usana ndi usiku. Chimene chimakankha chakudya m'matumbomo ndi udzu. Koma m'tauni muno udzu umasoŵa, makamaka mu Okutobala, ndiye timangomupatsa gaga ndi mkute. Pamenepo matumbo amaima. Ludzu, kutentha, kuopa agalu ndi mano otalika nazonso zimadzetsa vutoli.

Mudzadziŵa bwanji? Yang'anani pansi pa khola m'maŵa uliwonse. Ndowe zikachepa, zikakhala zing'onozing'ono ndi zouma, kapena zikasoŵa, chenjerani. Kalulu wodwala amakana kudya, amakhala chonyata pakona, ndipo amakukuta mano chifukwa cha ululu. Akatha maola 12 osadya, moyo wake uli pangozi.

Chotsani gaga. Ikani madzi abwino, udzu, chisoso ndi kholowa. Akakana kumwa, mudonthezereni madzi pambali pa kamwa pang'onopang'ono. Mtulutseni kuti ayendeyende pamthunzi. Koma mimba ikatupa n'kulimba ngati ng'oma, musamkakamize kudya, pakuti kalulu sasanza. Thamangirani kwa alangizi a ziŵeto tsiku lomwelo. Musampatse makapisozi a anthu, monga amoxicillin, chifukwa amapha akalulu.

Nthaŵi ya dzinja, mwetani udzu, muumitse ndi kusunga. Udzu woumawo udzapulumutsa akalulu anu m'chilimwe.