KUMENE LUSO LIMABADWIRA: PACIPALA, MUMZINDA NDI PABWALO

Kalonga Gawa Undi, Mai Nyangu, mafumu onse ocokera ku Malawi, ku Mozambique ndi muno mu Zambia, nduna, akuluakulu a boma, alendo athu olemekezeka, amai ndi abambo, anyamata ndi atsikana, tikupemphani kuti muchere khutu kwa kanthawi.

Ife amene tinapuma pa nchito ya boma tapatsidwa mwai wolankhulako za luso, ndiko kuti nzeru yopanga cinthu catsopano kapena yokonza cakale kuti cithandize koposa poyamba. Nkhaniyi ndi yaikulu masiku ano cifukwa ana athu ambiri atsiriza sukulu koma nchito yolembedwa ikusowa. Ngati sadzatha kudzipangira okha zocita, adzangoyendayenda m'mizinda manja ali lende, ndipo kumudzi kudzatsala nkhalamba zokhazokha. Tsono tifunse: kodi luso limabadwira kuti, nanga cimalilera n'ciani?

Tiyambe ndi pamalo a nchito. Makolo athu a Maravi anali odziwa kuyenga citsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu, nkhwangwa ndi mivi. Mpwitikizi wina, dzina lake Gamitto, amene anadutsa m'dziko la makolo athu m'caka ca 1831 pa ulendo wopita kwa Kazembe, analemba za nchito imeneyi. Mwana wofuna kukhala wosula sanali kuyambira pa nyundo ai. Anali kuyamba ndi kutunga makala ndi kupukusa mvukuto, maso ali pa manja a mkulu wa pacipala. Patapita nthawi anali kuloledwa kusula kampeni, ndipo akakhotetsa, citsuloco cinali kubwerera pamoto kuti ayesenso. Apa tikuona zinthu ziwiri zimene zimalera luso: mphunzitsi woleza mtima, ndi malo amene wophunzira angalakwe popanda kuthamangitsidwa.

Citsanzo cina n'ca wailesi. Kuulutsa mau kunayamba ku Lusaka m'caka ca 1941, koma anthu akuda ambiri analibe comvetserera, pakuti mawailesi anali okwera mtengo ndipo m'midzi munalibe magetsi. Mkulu wa nchitoyo, Harry Franklin, anafunafuna kampani imene ingapange wailesi yochipa, kufikira kampani ya Ever Ready ya ku Britain inavomera. M'caka ca 1949 kunatuluka wailesi yochedwa Saucepan Special, imene thupi lake linali ngati poto wopanda cogwirira. Inali kuyendera batire, ndipo mtengo wake unali mapaundi 5. Pa nyumba ya wailesi yomweyo panagwira nchito Alick Nkhata, amene anatenga nyimbo za m'midzi naziika pa gitala, mpaka zinamveka m'maiko atatu. Kusowa ndiko kunabala wailesi ija, koma nyimbo zija zinamveka cifukwa cakuti pa nchitopo panali mpata woti wanchito aonetse cimene akudziwa.

M'maofesi ambiri mmene tinatumikira tinaona zosiyana ndi zimenezi. Kalaliki wamng'ono kapena mesenjala, amene ndiye anali kukumana ndi anthu tsiku ndi tsiku, anali kudziwa bwino pamene nchito ikucedwera, koma panalibe womufunsa. Nzeru yake inali kufera m'kamwa. Ofesi yotero imacita caka cino zomwe inacita caka catha, ndipo anthu a nzeru amacokamo mmodzimmodzi.

Tsopano tione za mzinda. Lusaka anakhala likulu la dziko lino m'caka ca 1935, ndipo anthu a Kum'mawa anapitako ambiri, kotero kuti Cinyanja cinasanduka cilankhulo ca mumzindamo. Ena anapita ku migodi ya ku Copperbelt, ena ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ena ku Joni. Pobwerako anali kunyamula njinga, makina osokera ndi magitala, koma koposa katundu anali kubwera ndi maso amene aona mmene anthu a mitundu ina amacitira zinthu. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mumzinda munthu aliyense ndi mlendo kwa mnzake, ndipo malumo amanolana.

M'zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo zambiri zoimbidwa pa wailesi zikhale za muno mu Zambia. Anyamata a ku Lusaka ndi a ku migodi, amene anali kungotsanzira nyimbo za azungu, anayamba kupeka zawozawo. Magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anasakaniza magitala a magetsi ndi mayimbidwe a kwathu, napanga cimene lero cikuchedwa Zamrock, ndipo mbale zawo zasindikizidwanso ku America patapita zaka zambiri. Pambuyo pake kalindula wa ku Luapula anafalikira dziko lonse. Luso linalipo kale. Cimene cinasowa ndi khomo lotulukira.

Ngakhale pafupi pano, ku Chipata ndi ku Katete, mnyamata anayang'ana njinga imene makolo ake anali kunyamulira nkhuni, naikapo mpando wofewa kumbuyo ndi popondapo mapazi, nayamba kunyamula anthu. Pa nzeru imeneyo akudyerapo okonza njinga, owocherera zitsulo ndi osoka mipando. Mzinda umene umathamangitsa amisiri otere m'mbali mwa mseu osawapatsa malo ena ogwirirapo nchito ukudzithyola wokha miyendo.

Cacitatu ndi cikhalidwe, ndipo pano pali ena amene amaganiza kuti mwambo ndi luso n'zodana. Tiyang'ane m'mbale mwathu. Cimanga, nshawa ndi cinangwa sizinali za kuno. Zinacokera ku America, ndipo zinafika mu Africa m'ngalawa za Apwitikizi. Makolo athu, amene anali kudya nsima ya mapira ndi mawere, anaziyesa m'minda mwawo, nasankha mbeu zoyenera nthaka yathu, ndipo amai anatulukira kusinja nshawa ndi kutendera ndiwo. Lero ndani anganene kuti ciwawa cotendera n'cacilendo?

Za kudambwe sitingazichule pano, koma zimene zimaoneka pabwalo aliyense amaziona. Kasiyamaliro ndi Cadzunda ndi akalekale. Koma amishoni atafika, pabwalo panatuluka Maliya ndi Simoni. Mseu utalambulidwa, panatuluka Galimoto. Gule Wamkulu amayang'ana zimene zikucitika m'dziko, nazibweretsa pabwalo kuti anthu aseke, adzudzulidwe ndi kuphunzira. Ku Mua, m'boma la Dedza ku Malawi, nyumba yosungiramo zakale ya Chamare ikusunga zilombo zoposa 400, cimene cikuonetsa kuculuka kwa nzeru za eni gule. M'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu ndi cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. Nkhope zimasintha, koma nchito ya gule pa maliro, pa cinamwali ndi pa kulonga ufumu siinasinthe. Cikhalidwe camoyo cimadziwa cimene cingasinthe ndi cimene ciyenera kugwiritsitsa.

Mwambo uno wa Kulamba unaletsedwa ndi boma la atsamunda m'caka ca 1934, ndipo unadzutsidwanso m'caka ca 1984. Amene anaudzutsa anafunsa nkhalamba mmene zinali kucitikira kale, koma anaganizanso mwatsopano mmene angasonkhanitsire pano pa Mkaika Acewa ogawidwa ndi malire a maiko atatu. Limenelonso ndi luso.

Tikumbuke mwana wathu William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu. Analeka sukulu cifukwa ca njala ya 2001 ndi 2002, pamene makolo ake anasowa ndalama. Anapeza buku la za magetsi m'kanyumba kowerengeramo mabuku, natola zitsulo zotayidwa ndi ziwiya za njinga, namanga makina oyendera mphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Pamene anali kutola zitsulozo, ambiri anali kumuyesa wamisala. Ndi ana angati m'midzi yathu amene anasiya nzeru zawo poopa kusekedwa?

Motero tili ndi mapempho. Kwa inu mafumu athu, pogawa malo kumbukirani amisiri, kuti mudzi uliwonse ukhale ndi pogwirira nchito za manja pamene ana angaphunzirepo. Kwa inu oyang'anira nchito, funsani wamng'ono maganizo ake, ndipo nzeru ikakhala yake muchule dzina lake. Kwa inu makolo, mwana akamapanga galimoto ya mawaya kapena akamamasula wailesi yakufa, musamukalipire msanga, mmera mpoyamba. Kwa inu amisiri okalamba, oumba mbiya, oluka mphasa ndi osema ng'oma, musapite kumanda ndi nzeru zanu. Ndipo kwa inu acinyamata, foni imene ili m'manja mwanu ingakuonetseni mmene anzanu a kutali amapangira zinthu, koma yambani mwakhala pansi pa mapazi a odziwa a kwanu, pakuti safunsa anadya phula.

Dzina lakuti Gawa limatikumbutsa za kugawa. Tigawane nzeru monga mmene timagawirana malo ndi cakudya, kuti ana athu adzabwere kudzalamba atanyamula zopanga za manja awo.