Mantha a Wogwira Ntchito m'Banki pa Maphunziro a pa Kompyuta

Ena mwa ife timagwira ntchito m'mabanki, otsalafe timasungitsa ndalama zathu komweko, choncho nkhani ndabwera nayoyi ndi yathu tonse.

Kale wogwira ntchito m'banki ankatumizidwa ku kosi, nakhala ndi mphunzitsi sabata yathunthu. Masiku ano, makamaka chiyambire mliri wa Covid-19 mu 2020, maphunziro ambiri akubwera pa kompyuta. Munthu amauzidwa kuti amalize phunziro lakuti pofika tsiku lakuti, amawerenga yekha, kenaka nayankha mafunso. Bwana amangoona mndandanda: uyu wamaliza, uyu sanamalize.

Mndandanda umenewu umabisa zambiri. Alipo amene amangodinadina mpaka kumapeto osawerenga. Alipo amene amadikira tsiku lomaliza n'kupempha mnyamata wolembedwa kumene kuti awayankhire mafunso. Timafulumira kunena kuti ndi ulesi, koma ine ndikukana. Mayi amene wawerenga ndalama pa kauntala zaka 20 osasoweza ndi tambala yomwe si waulesi. Chamugwira ndi mantha: akuopa kuti makinawo amuyalutsa pamaso pa ana amene iye yemwe anawaphunzitsa ntchito.

Mu 1977 katswiri wina wa maganizo a anthu, Albert Bandura wa pa yunivesite ya Stanford ku America, anafotokoza kuti zimene munthu amakhulupirira kuti angathe ndizo zimalamula ngati ntchitoyo ayiyambe, khama limene ayikepo, ndi kupirira kwake zinthu zikavuta. Sankanena za kudzitama ayi. Chidaliro chimenechi chimayendera ntchito yake: munthu atha kuziziritsa kasitomala waukali mosavuta, koma nkumatuluka thukuta akakhala pa kompyuta. Bandura anati gwero lake lalikulu ndi kuchita chinthu wekha n'kuchitha. Kuona mnzako wofanana nawe akuchitha kumathandizanso. Mawu olimbikitsa okha mphamvu yake ndi yochepa.

Tsono apa ndiyankhule ndi inu amene muli mabwana a nthambi. Phunziro loyamba likakhala lalitali, lolembedwa m'Chingerezi cha maloya, intaneti n'kuduka pakati munthu n'kuyambiranso, ndiye kuti chomwe waphunzira ndi chakuti sangathe. Kutumiza maina a otsalira kwa ofesi yonse kumangowonjezera mantha. Tonse tikukumbukira tsiku lotsekera sukulu, maina akuwerengedwa kuyambira nambala wani mpaka wogwira mchira. Kodi ogwira mchira aja manyazi anawakweza? Kawirikawiri teremu yotsatira ankakhala omwewo.

Mupatseni munthu nthawi mkati mwa maola a ntchito, osati madzulo atatopa kale ndi kutseka mabuku. Ayambe ndi kachigawo ka mphindi 10 kamene angakamalize tsiku lomwelo. Womukhalira pambali akhale wa msinkhu wake ngati n'kotheka, ndipo manja ake asakhudze kompyutayo, azingolozera. Akaigwira iye, wophunzirayo wangoonera mpira, sanasewere.

Wina anena kuti izi n'zazing'ono. Taganizani za lamulo la Financial Crimes Act la 2017. Lamuloli limafuna kuti banki idziwe bwino makasitomala ake, iphunzitse antchito ake, ndipo ikaona ndalama zokayikitsa idziwitse a Financial Intelligence Authority. Kutsina khutu kasitomala kuti nkhani yake yaperekedwa kumeneko ndi mlandu. Zambiri mwa zimenezi wa pa kauntala amaziphunzira pa kompyuta pomwepo. Ngati mafunso anamuyankhira mnzake, satifiketi ali nayo ndithu, ndipo pa mndandanda wa bwana zonse zili bwino. Koma tsiku lobwera munthu ndi chikwama cha ndalama zosadziwika kochokera, iye sadziwa chochita, mwinanso amuchenjeza munthuyo mwa ulemu wake, osadziwa kuti wapalamula.

Pempho langa likupita ku komiti. Tili nawo mamembala odziwa bwino makompyuta, ena a iwo a zaka zathu zomwezi. Tipeze Loweruka limodzi pa mwezi, m'chipinda chopanda bwana wa munthu aliyense, kuti amene akufuna ayeseze pakati pa anzawo a pa sukulu. Ofuna kuthandiza apereke maina kwa Mlembi tisanabalalike.