Nthanda, mkazi wa Mwezi

Lero m'pologalamu yathu ya zachilengedwe tikweza maso kumwamba, ticheze za nthanda.

Amene munakulira kumudzi mukuidziwa bwino. Mukatuluka panja tambala woyamba atalira, kum'mawa kumakhala nyenyezi imodzi yowala kuposa zinzake zonse, yoyera mbee, yosaphethira. Agogo anga aakazi analibe wotchi. Tsiku lopita kuchigayo ankasuzumira pakhomo n'kubwera kudzatigwedeza pamphasa: "Dzukani ana inu, nthanda yatuluka." Tinkasenza mphale, mame akutinyowetsa m'miyendo, ndipo pofika pamzere wa kuchigayo nyenyezi zina zonse zinkakhala zitazima, yokhayo ikadali pompo mpaka dzuwa kuimeza.

Makolo athu anali ndi nthano yake. Ankati Mwezi ndi mwamuna wa mitala. Mkazi wina, Chekechani, amakhala kum'mawa, ndipo ndi waulesi pophika, moti Mwezi ukapita kwa iye umawonda tsiku ndi tsiku mpaka kufa. Mkazi winayo, Puikani, amakhala kumadzulo, ndipo kwa iye Mwezi umadya n'kukhuta mpaka kunenepa. Alice Werner, mayi wa ku Ulaya amene anakhalako ku Blantyre m'zaka za m'ma 1890, anaimva nthanoyi n'kuilemba. Ine ndimaikonda chifukwa anaipeka ndi anthu openyetsetsa. Taganizani: mwezi ukangooneka kumene, kochepa ngati chikwakwa, umakhala kumadzulo dzuwa litangolowa, pafupi ndi nyenyezi yowala ya madzulo, ndipo kuyambira pamenepo umakula. Ukamatha, umaoneka m'bandakucha kum'mawa, pafupi ndi nthanda, utawonda. Zimene maso awo anaona zinali zoona ndithu.

Koma pali chinsinsi chimodzi m'banja limeneli. Miyezi imene Chekechani akuwala kum'mawa, Puikani kumadzulo kulibe. Puikani akabwera, Chekechani amasowa. Chifukwa chake n'chakuti ndi mkazi mmodzi yemweyo. Ndipo si nyenyezi ayi, ndi dziko linzathu, pulaneti imene akatswiri amaitcha Venus. Ilibe moto wakewake, imangobweza kuwala kwa dzuwa monga umachitira mwezi. Agiriki akale nawonso ankaipatsa mayina awiri, Phosphoros m'mawa ndi Hesperos madzulo, asanazindikire kuti ndi chinthu chimodzi.

Venus imazungulira dzuwa m'njira ya m'kati, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 108 miliyoni, pamene ife tili pa makilomita 150 miliyoni. N'chifukwa chake siitalikirana ndi dzuwa, ili ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Imaoneka madzulo kwa miyezi isanu ndi itatu kapena kuposerapo pang'ono, kenaka imadutsa pakati pa ife ndi dzuwa n'kusowa masiku ochepa, n'kutulukira m'mawa kwa miyezi ina yonga yomweyo, isanabisalenso kuseri kwa dzuwa. Ulendo wonsewu umatenga masiku 584. Choncho mukaona chinyenyezi chowala pamutu penipeni pakati pa usiku, chimenecho si nthanda. Kawirikawiri imakhala pulaneti ina yotchedwa Jupiter.

Kanyenyezi kameneka kanathandiza kusuntha dziko lathu pampando umene anthu analikhazikapo kwa zaka zoposa 1,000. Ophunzira a ku Ulaya ndi Aluya ankatsatira chiphunzitso cha Ptolemy wa ku Alexandria, chakuti dziko lapansi lili pakati, silisuntha, ndipo dzuwa, mwezi ndi nyenyezi zimalizungulira. Sitingawaseke, poti ngakhale ife timati dzuwa latuluka, dzuwa lalowa, ndipo nthaka sitiimva ikuyenda. Mu 1543 Nicolaus Copernicus wa ku Poland anafalitsa buku lonena kuti dzuwa ndilo lili pakati, koma umboni wooneka ndi maso analibe.

Chakumapeto kwa 1610, Galileo Galilei ali ku Florence analozetsa ku Venus telesikopu yake, kachipangizo ka magalasi kamene anapanga yekha. Anaitsatira kwa miyezi ingapo. Poyamba inali yaing'ono, pafupifupi yathunthu. Kenaka inaoneka theka, ndipo pambuyo pake inasanduka chikwakwa chachikulu. Yesani kunyumba usiku uno. Ikani koloboyi pakati pa chipinda, inu mukhale kukhoma, mwana atenge lalanje azizungulira nyaliyo. Akafika kuseri kwa nyali, lalanje mudzaliona lonse likuwala, koma lili patali. Akabwera mbali yanu, lidzakula m'maso mwanu, koma mudzaona kachigawo kochepa chabe kowala m'mphepete. M'dongosolo la Ptolemy, Venus inkayenera kukhala mbali yathu ya nyali nthawi zonse, ndipo sikanaoneka yathunthu. Galileo anaiona ikuchokera kuseri. Ndiye kuti imazungulira dzuwa. Umboni umenewu paokha sunatsimikize kuti nafenso tikuyenda, koma unagumula chipupa cha nyumba yakale ya Ptolemy ija. Chifukwa choikira kumbuyo chiphunzitso cha Copernicus, Galileo anazengedwa mlandu ku Rome mu 1633 ndipo anakhala pa ukaidi wosachoka panyumba mpaka imfa yake mu 1642.

Pa kukula, Venus ndi dziko lathu zili ngati mapasa. Kuyeza modutsa pakati, iyo ndi makilomita pafupifupi 12,100, lathuli 12,700. Popeza yakutidwa ndi mitambo yosang'ambika, panali anthu mpaka m'zaka za m'ma 1950 amene ankaganiza kuti pansi pake pali madambo ndi nkhalango zonyowa. Zombo zitayamba kupitako, maloto amenewo anatha. Pa 15 Disembala 1970 chombo cha Soviet Union chotchedwa Venera 7 chinatera pamenepo, choyamba kutumiza uthenga chili panthaka ya pulaneti ina, ndipo chinalankhula mphindi 23 zokha n'kukhala chete. Venera 13, mu 1982, chinapirira mphindi 127 n'kutumiza zithunzi za miyala yaphanthiphanthi pansi pa thambo lachikasu.

Chimene chinkapha zombozi n'kutentha kwa madigiri pafupifupi 465, usana ndi usiku womwe, moti mtovu ungasungunuke ngati mafuta m'chiwaya. Mpweya wa kumeneko ndi wolemera kuwirikiza ka 90 kuposa wathu. Kuima panthaka ya Venus kuli ngati kumira mamita 900 pansi pa madzi, pamene nyanja ya Malawi pozama penipeni ndi mamita 700 okha. Mitambo ija, imene imabweza kuwala kwa dzuwa n'kuichititsa nthanda kukongola chonchija, ndi ya asidi wa mtundu womwe uli m'batire ya galimoto. Pulaneti ya Mercury ili pafupi kwambiri ndi dzuwa, komabe Venus ndi yotentha kuiposa, chifukwa pafupifupi mpweya wake wonse ndi carbon dioxide, amene amatsekera kutentha ngati bulangete lochindikala. Ndi mpweya womwewu umene umatuluka tikamawotcha makala, mafuta ndi nkhalango. Kuno ulipo wochepa kwambiri poyerekeza, ndipo dziko lathu silisanduka Venus mawa, koma mphamvu ya mpweyawu tinaionera poyera pa mnansi wathuyu. Chinanso chodabwitsa n'chakuti Venus imatembenuka chobwerera, mwapang'onopang'ono, kamodzi pa masiku athu 243, moti kumeneko dzuwa limatulukira kumadzulo.

Ndinatchula Puikani uja, amene timamuona dzuwa likangolowa. Pa 31 Januwale 2014, kagalimoto kofufuza ka bungwe la NASA kotchedwa Curiosity, kali pa pulaneti ya Mars, kanatembenuzira kamera yake kumadzulo patatha mphindi pafupifupi 80 dzuwa litalowa. Pamwamba pa timapiri takuda panali kadontho kamodzi kowala kuposa nyenyezi zonse za m'thambo la kumeneko. Kadontho kameneko ndi ife. Mars ili kunja kwa njira yathu, motero kwa woima kumeneko dziko lapansi ndilo nthanda, loonekera madzulo nyengo ina, m'bandakucha nyengo ina. Phiri la Mulanje, chigayo chija, manda a agogo anga, inu amene mwakhala pakhonde ndi wailesi pamwendo, zonse zinakwana m'kadontho kamodzi, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 160 miliyoni. Akatswiri atachikulitsa chithunzicho, munsi mwa kadonthoko munaonekanso kena kozilala, ndiye Mwezi uja wa mitala.

Madzulo ano dzuwa likalowa yang'anani kumadzulo. Mukapanda kuipeza, mudzalawire mawa tambala akalira, muyang'ane kum'mawa. Ikasowa konseko, ili m'kuwala kwa dzuwa, ipatseni milungu ingapo idzatulukanso.