Za ma running mate: tilote nawo, koma tifunsenso

 Amene simunamvere voice note ya dzulo chifukwa bandulo inakutherani, mawu ake ndi awa.

Sabata yonseyi m'magulu mwathu mwadzaza nkhani imodzi: a Chakwera atenga ndani, a Mutharika atenga ndani. Kumapeto kwa July 2025 opikisana akapereka zikalata zawo ku MEC, ndipo ndi pomwe tidzaone nkhope za owatsatira. Mpaka tsikulo aliyense ndi mneneri. Wina akuti msuweni wake amaphika tiyi ku State House ndiye wamva zonse, wina akuti zatsimikizika kale ku PAGE House. Chabwino, nafenso tilote nawo. Ambiri a ife nthawi tili nayo yambiri, digiri ili mu envulopu chaka chachiwiri tsopano.

Masamu ake ndi osavuta. Chigamulo cha khoti cha pa 3 February 2020 chinati wopambana azipeza mavoti opitirira theka, 50+1 ija. Palibe chipani chimene chingafike pamenepo ndi mavoti a kwawo okha. MCP mphamvu zake zili pakati, DPP kummwera. Ndiye onse maso ali kumpoto ndi ku Ntcheu. Mu 2019 a Chakwera anapita ku Lower Shire kukatenga a Sidik Mia, ulendo uno ife tikuganiza kuti ayang'ana kumpoto, n'chifukwa chake maina a mayi Catherine Gotani Hara ndi a Vitumbiko Mumba sakuchoka pakamwa pa anthu. A Michael Usi, ngakhale anali pampando wa wachiwiri mu 2025, ankaoneka kuti akuyenda njira yawoyawo ndi Odya Zake Alibe Mlandu. Ku DPP nkhani ndi yoti kaya apereka malowo ku chipani chinzawo monga AFORD, kaya abwereranso ku Ntcheu, kumene anatenga a Saulos Chilima mu 2014 ndi a Everton Chimulirenji mu 2019. Dzina la mayi Jane Ansah likumvekanso, mayi omwe aja amene ankatsogolera MEC pa chisankho cha Tippex, amene akuluakulu athu anatha miyezi ali pamsewu kuti atule pansi udindo. Zikakhala zoona, ena muno zidzatitengera masiku kuti timeze.

Maloto athu athera pamenepo, ndipo akhoza kuphonya onse. Mu 2019 ndi angati anatchula dzina la a Chimulirenji lisanalengezedwe? Ngakhale akuluakulu ena a chipani chawo anadzidzimuka nawo.

Koma tamverani mmene tikukambira nkhaniyi. Funso lathu lakhala loti munthuyo akuchokera kuti, ndi wa mtundu wanji, amapemphera kuti, abweretsa mavoti angati. Limeneli ndi funso la eni zipani, ndi ntchito yawo, amalipidwa. Ife tikulifunsiranji ulere? Funso lathu likuyenera kukhala lina: munthu ameneyu atadzuka mawa n'kupezeka kuti ndi pulezidenti, tingagone tulo?

Sitikutemberera munthu ayi. Gawo 83 la malamulo oyendetsera dziko lino likunena kuti mpando wa pulezidenti ukakhala wopanda munthu, wachiwiri ndiye amalowapo mpaka nthawi yotsalayo ithe. Zinachitikapo ife tili ku pulayimale. A Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 April 2012, ndipo pa 7 April mayi Joyce Banda analumbira, ngakhale nduna zina zinayesetsa usiku kuti zisatero. Mayiwo DPP inali itawachotsa kale mu December 2010. Amene anavota mu 2009 ankaona ngati akusankha munthu mmodzi, chonsecho anasankha apulezidenti awiri pa pepala limodzi. Mu 2025 a Peter Mutharika anakwanitsa zaka 85, a Lazarus Chakwera anali ndi 70. Kutchula zaka si mwano. Ngakhale kumudzi, mfumu ikakula, mbumba imayamba kukambirana mwakachetechete za wolowa.

Ndipo imfa siyang'ana zaka. Pa 10 June 2024 ndege inagwa ku Chikangawa, tinataya a Chilima ali ndi zaka 51, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Ambiri muno voti yathu yoyamba inali ya 2019 kapena 2020, ndipo sitikubisa kuti ena tinavotera Tonse chifukwa cha iwowo.

China chimene chimatipweteka n'chakuti maukwati amenewa satha bwino. A Justin Malewezi anatumikira ndi a Bakili Muluzi kuyambira 1994, mapeto ake anakaima paokha mu 2004. A Cassim Chilumpha analowa ndi a Bingu mu 2004, mu 2006 anali atamangidwa pa mlandu wofuna kuukira boma. Za mayi Banda tanena kale. Iwonso pofika 2014 anasiya a Khumbo Kachali n'kutenga a Sosten Gwengwe. A Chilima anatuluka DPP mu 2018 n'kuyambitsa UTM akadali wachiwiri kwa pulezidenti. Mu Tonse, pofika June 2022 a Chakwera analengeza kuti asiya kuwatuma ntchito, mu November ACB inawamanga, ndipo mlanduwo unathetsedwa mu May 2024. Chiyambire 1994, tchulani awiri amene anayamba limodzi n'kumaliza akumwetulirana.

Chifukwa chake chili m'malamulo momwemo. Wachiwiri amasankhidwa ndi anthu pa pepala limodzi ndi pulezidenti, ndiye pulezidenti sangamuchotse ngati mmene amachotsera nduna. Koma ntchito zambiri zimene wachiwiriyo amagwira ndi zimene bwana wamupatsa. Akayambana, bwana sangamuthamangitse, amangomusiya pakhonde. Nyumba ya boma ilipo, ma galimoto alipo, apolisi omulondera alipo, malipiro akubwera, ntchito palibe. Zaka zimatha choncho. Ndalama zake ndi za msonkho umene timadula tikagula mayunitsi ndi sopo, ife amene takhala tikugona pa mzere wa mafuta ndi kusaka shuga ngati mankhwala, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Tinalonjezedwa ntchito 1 miliyoni. Ife tikufuna ntchito malipiro ake tikambirana, kwinaku munthu akulipidwa koma akuletsedwa kugwira ntchito. Zimatheka bwanji?

Tikumva ena akuti ulendo uno atenge wachinyamata. Tikugwirizana nazo, koma tidziwe kuti malamulo amafuna zaka zosachepera 35, ndiye ife a zaka 24 sitili pa mndandanda. Komanso ubwana pawokha si mfundo. Tawaona achinyamata amene amangolowa m'boma, mawa lake akutiyankhula ngati sanakwerepo kabaza.

Ndiye pempho lathu ku zipani zonse, DPP, MCP, UTM, UDF, PP, AFORD ndi oima paokha, ndi ili. Ngati pali mgwirizano umene mwasainirana kuseri, wa mipando kapena wa amene adzaime 2030, uikeni poyera tisanavote. Wa Tonse tinadzamva mbali zake mu July 2022 a Chilima atayankhula, ukwati utayamba kale kugwedezeka, ndipo mpaka lero mbali ziwirizo zimanena zosiyana. Sitikufunanso kuvotera pepala limene sitinawerenge. Mutiuzenso kampeni isanathe kuti wachiwiri wanu mudzamupatsa ntchito yanji, yotchulika ndi dzina, kuti tsiku limene mudzamulande tidzakhale ndi pokugwirani. Ndipo ma running mate onse abwere pa mtsutso wa pa wailesi, ayankhe okha za ndalama zakunja, za mtengo wa chimanga, za ngongole za ophunzira, opanda bwana pambali wowanong'oneza. Amene adzathawe mtsutsowo tidzalemba dzina lake pano.

Kwa inu a m'magulu muno, chonde tisamatumize mapositala onama aja oti "breaking news" opanda gwero. Ena amapangidwa dala ndi anthu ofuna mpandowo kuti ayeze madzi, ife n'kumawathera bandulo yathu. Dzina likalengezedwa, gulu lililonse lisankhe anthu awiri oti afufuze mbiri ya munthuyo: wagwirapo ntchito kuti, anasiya zotani kumeneko, ali ndi mlandu ku khoti kapena ayi, wasinthapo zipani kangati. Zimene mwapeza mutumize kwa ma admin ndi umboni wake, tizaziphatikiza n'kuziika pano m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao kuti muwawerengere makolo kumudzi.

Pa 16 September 2025 ndi Lachiwiri. Kachiphaso kovotera kaja kayang'aneni lero lomwe, ena munakasiya m'thumba la jinzi imene inachapidwa kalekale. Tikumananso Loweruka, nthawi yomwe ija.