Chitofu cha Gasi ndi Uvuni Wake: Mawu Olankhulidwa kwa Amayi pa Tsiku la Chikondwerero



Tithokoza komiti potipatsa mpata uno kuti tikambirane za kukhitchini. Ambiri a ife tidakulira pa mafuwa atatu, ena tidazoloŵera mbaula ya makala, koma masiku ano chitofu cha gasi chaloŵa m'nyumba zambiri, makamaka m'matauni. Ena tidagula tokha, ena adatigulira ndi ana athu, ndipo alipo ena amene adachifunditsa nsalu pakona chifukwa cha mantha. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, choncho tiyeni tifunse lero kuti chinthu chimenechi chimagwira ntchito motani.

Poyamba tiyeni tione gasiyo. Gasi amene timagula m'masilinda amatchedwa LPG, ndipo ndi msanganizo wa mipweya iŵiri, propane ndi butane. M'silindamo amakhala wothinikizidwa kwambiri mpaka kusanduka ngati madzi, n'chifukwa chake tikagwedeza silinda timamva khuvukhuvu. Lita imodzi ya madzi ameneŵa imasanduka malita pafupifupi 250 a mpweya. Odzaza sadzaza silinda mpaka pakamwa, amalekeza pa magawo 80 mwa 100, kuti gasi apeze malo ofufumira kukatentha. Silinda iyenera kuima chilili nthaŵi zonse, chifukwa mpweya umene tifuna uli pamwamba, ndipo tikaigoneka madzi aja ndiwo amathamangira m'paipi.

Pakamwa pa silinda pali chida chotchedwa leguleta. Ntchito yake ndi kuchepetsa mphamvu ya gasi kuti aziyenda mofatsa ndiponso mofanana, silinda ikhale yodzaza kapena yotsala pang'ono kutha. Kuchokera apo gasi amadutsa m'paipi ya labala kupita ku chitofu. Tikapotokola chotsegulira, gasi amatulukira pa kabowo kakang'ono ngati ka singano, ndipo potuluka ndi liŵiro amakoka mpweya wa m'chipindamo nasakanikirana nawo. Msanganizo umenewu ndiwo umatuluka pa timabowo tozungulira pophikira paja, ndipo ukakumana ndi machesi kapena kamoto ka magetsi kothetheka, umayaka.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Bambo James Sharp wa ku Northampton ku England adalembetsa chitofu chake cha gasi m'chaka cha 1826, ndipo njira yosakaniza gasi ndi mpweya moto usanayake imadziŵika ndi dzina la Robert Bunsen wa ku Germany, amene adaikonza bwino cha m'ma 1855.

Tsono amayi, moto wa gasi umalankhula, ndipo tiyenera kuumva. Moto wabwino ndi wobiriŵira ngati kumwamba, wosaphethira. Moto wachikasu, umene umadetsa mapoto ndi mwaye, ukutiuza kuti mpweya wachepa, kaŵirikaŵiri chifukwa phala kapena msuzi udatayikira ndi kutseka timabowo tija. Moto wotere umatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba nthaŵi yozizira. Tizitsuka timabowoto chitofu chikazirala, ndipo tiziphika zenera lili lotsegula.

Tsopano tifike ku uvuni. Moto wake uli pansi, ndipo mpweya wotentha umakwera m'mwamba, nuzungulira chakudya, kenaka nutulukira pa bowo lakumbuyo. Bowo limenelo tisamalitseke ndi nsalu. Chifukwa kutentha kumakwera, shelefu yapamwamba ndiyo yotentha kwambiri, yoyenera masikono. Yapakati ndi ya keke. Yapansi ndi ya zofuna kupsa pang'onopang'ono. M'kati muli chida choyesa kutentha, chimene chimachepetsa gasi chokha uvuni ikafika pa mlingo umene tasankha, ndi kuwonjezeranso ikayamba kuzirala. Pa mauvuni olembedwa manambala, 4 ndi madigiri 180 ndipo 6 ndi madigiri 200. Tiyatse uvuni mphindi 10 kapena 15 tisanaikemo keke, ndipo tileke kutsegulatsegula chitseko kuti tisuzumire, chifukwa kutentha kumathaŵa ndipo keke imaphwa pakati.

Mauvuni ambiri alinso ndi kachitsulo kakang'ono kamene kamakhudza moto. Kakatentha kamagwira njira ya gasi kuti ikhale yotsegula, ndipo moto ukazima kamazirala n'kutseka gasi. Ichi ndicho chifukwa chake poyatsa timakanikiza chotsegulira kwa masekondi angapo. Uvuni ikakana kuyaka, titseke gasi, tisiye chitseko chake chotsegula kwa kanthaŵi, kenaka tiyeserenso. Tisaweramitse nkhope pakamwa pa uvuni poyatsa.

Chinthu chachikulu choti tipite nacho kwathu ndi ichi. Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, choncho akadontha sakwera kudenga ngati utsi, amatsika pansi nadikha ngati madzi m'dambo, pomwe pamakwaŵa ana athu. Mwa iye yekha alibe fungo, koma opanga amathiramo dala mankhwala onunkha ngati mazira oola kuti mphuno itichenjeze. Tikamva fungo limeneli, titseke pa silinda, titsegule zitseko ndi mazenera, titulutse ana panja. Tisayatse machesi, tisakhudze swichi ya magetsi, kuyatsa kapena kuzimitsa, chifukwa kamoto kake kokha n'kokwanira kuyatsa nyumba. Pofufuza podontha tipake thovu la sopo molumikizira monse. Podontha pamatupa thovu. Paipi yong'aluka tisaimange ndi mphira, tigule ina. Zokonza m'kati mwa chitofu tisiyire amisiri amene adaphunzira ntchitoyo.

Poyatsa ndi machesi, tiyambe tayatsa machesiwo, kenaka titsegule gasi. Usiku pogona, ndi Lamulungu popita ku tchalitchi, titseke pa silinda penipeni. Malamulo ameneŵa tiphunzitse ana athu aakazi ndi aamuna omwe, antchito athu, ngakhalenso abambo kunyumba, pakuti nawonso amaloŵa kukhitchini ife tikapita ku msonkhano.

Mwina wina afunsa kuti, nanga bwanji osangokhala pa nkhuni zathu? Bungwe la World Health Organization lidaŵerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni pa dziko lonse adamwalira ndi matenda obwera ndi utsi wa m'nyumba, ndipo amene amaupuma kwambiri ndife amayi pamodzi ndi ana a kumsana. Taonaninso mapiri athu mmene ayerera chifukwa cha makala. Tidziŵa kuti gasi afuna ndalama ndipo si aliyense angamuthe. Koma amene tili naye timugwiritse ntchito mwanzeru: tivundikire mapoto, tiviike nyemba usiku, ndipo moto usapitirire m'mbali mwa poto.

Mulungu adatipatsa udindo wosunga moyo m'nyumba zathu. Poyendera odwala ndi okalamba m'madera mwathu, tikapeza chitofu cha gasi tisachite manyazi kuona paipi yake ndi kufotokoza zimene tamva lero, pakuti kutero ndi kutumikiranso.

Ambuye akudalitseni nonse.